Chibakera cha Kanyundo

9 Malichi

Mwana wanga,

Ndayamba ndi moni, poti ndi mmene ophunzira amayambira. Uli bwanji kutaliko? Kuno tadzuka, kupatula bondo langa lija lomwe limadziwa za mvula kuposa a pa wailesi. Akulemba ndi alamu ako, ine ndangokhala pampando n'kumalankhula, ndiye ukaona mawu ena okongola udziwe kuti si anga. Achimwene ako ali pamsewu ndi lole yawo, sabata yachitatu ino.

Nkhani ndi iyi, ukhale pansi. Mwana unatisiyira uja ndi wamanzere. Miyezi isanu ndi iwiri yokha, wasankha kale. Ndinamuyesa mmene ndimayesera ndowa ndikamaliza kukhoma, osati kamodzi. Ndinaika supuni kumanzere kwake, anatola ndi lamanzere. Ndinaika pakati, lamanzere. Ndinakaika kutali kumanja, pafupi ndi mwendo wa tebulo, ndikuti apa ndiye ndakugwira. Mwana anapendekeka thupi lonse ngati njinga yokhota pakona, n'kukatola ndi lamanzere lomwelo. Akatola ndiye kumenya mbale, ngo ngo ngo, mpaka ndamupatsa dzina. Ndi Kanyundo.

Ana anayi ndinabereka, zidzukulu ndasiya kuwerenga, onse amanja ngati malemu mayi ako. Ndinkati sizasi yanga yodulira malata ndidzapita nayo kumanda, poti inasulidwa chamanzere ndipo aliyense woibwereka amabweza akutukwana. Lero yapeza mwini wake. Ndinakawauza anzanga a kumsika, wosoka nsapato uja akuti mtsikana sangakhome ndowa. Ndinati iwe nsapato zako zimamasuka anthu asanafike pageti, ukhale chete.

Ukudziwa kuti kusukulu ndinapitako masabata atatu, koma chifukwa chake sindinakuuzepo bwino. Mphunzitsi wake anali wamtali, wonunkha choko ndi fodya. Ataona ndagwira cholembera kumanzere anavula lamba wake n'kumangirira dzanja langa kumwendo wa benchi. Buluku ankachita kuligwira ndi dzanja limodzi uku akuphunzitsa, anzanga osadziwa kuti aseke ndani, iye kapena ine. Lolemba mpaka Lachisanu, zomwezo. Sabata yachitatu ndinamasula ndi mano, ndinatulukira pawindo, lamba ndinapita naye. N'chifukwa chake lero kalata ya mwana wanga ndimachita kulembetsa. Ndiye ndanena m'nyumba muno kuti dzanja la Kanyundo palibe adzalikhudze ine ndikupuma.

Utiuze za kumeneko. Akuti kumazizira mpaka madzi kuuma m'mipopi, n'zoona kapena amanama?

Ndine bambo ako.

Alamu, awa ndi mawu anga, ndawonjezera nditawawerengera kale abambo. Dzanja lamanja mwanayu salitambasula. Chala chachikulu chimakhala m'kati, zinazo zitachiphimba. Pomusambitsa ndimachita kufunyulula kuti nditsukemo. Anga atatu aja pamsinkhu uwu ankasinthasintha manja. Mwina si kanthu.

2 Epulo

Abambo okondedwa,

Ndakupatsani moni nonse, inu, alamu ndi ana. Ine ndili bwino. Za madzi kuuma sanakunamizeni.

Kalata yanu ndinawerengera kuntchito, nditakhala pa mulu wa mashiti. Timachapira m'chipinda cha pansi pa nyumba yosungirako okalamba. Mulibe windo, muli makina asanu ndi limodzi ongolira tsiku lonse, ndipo pofika madzulo zala zimakhala zitatuwa ndi sopo. Nditafika pa buluku la mphunzitsi ndinaseka ndekha mpaka mnzanga wosita anandifunsa ngati ndalandira mwamuna. Kenako ndinalira, poti mwana wanga wapatsidwa dzina ine kulibe.

Alamu, za chibakera mwanenazo musade nazo nkhawa, ndipo chonde musamukakamize. Kuno amanzere ndi ambiri, ngakhale dokotala wamkulu amalemba ndi lamanzere. Mlekeni akhale wa agogo ake.

Ndili ndi pempho limodzi. Mumuike manja onse awiri papepala, muzungulize ndi pensulo, munditumizire. Ndikufuna ndione mmene akulira. Ndinamusiya manja ake akukwana m'kamwa mwanga.

Mwana wanu.

26 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako inafika Lachinayi itanyowa pakona. Tili moyo. Pepala la manja ndi ilo taika m'katimo. Lamanzere waona wekha, zala zisanu zili yangayanga ngati foloko. Lamanja anakana. Tinamunyengerera ndi shuga, tinamuimbira, ine mpaka ndinalira ngati mbuzi, iye ayi. Ndiye tazunguliza chibakera chomwecho, chatuluka ngati dzira. Ndi makani chabe, ndipo kumene anawatenga ukukudziwa.

Tsopano ndinene zimene zandikhala pakhosi. Lembani apongozi, musandiyang'ane. Powerenga kalata yako, chala cha alamu akowa chinadumpha mizere. Kuwerenga sindidziwa, koma chala chodumpha ndimachiona. Ndinati bwererani. Ndi mmene ndinadziwira kuti m'makalata anga mumakwera anthu ena osandiuza, ngati pa lole ya achimwene ako.

Izo ndinakhululuka. Koma Lolemba ndinabwerera kunyumba masana nditaiwala chitsulo chowotcherera. Ndili pa mpopi wa pakona paja ndinamva kulira, ndipo kulira kwa Kanyundo ndimakudziwa ngati nyundo yanga. Ndinapeza mwana atakhazikidwa pansi pabalaza, dzanja lamanzere atalivala sokosi ya achimwene ako, yomangidwa ndi kansalu pamkono. Supuni ili patsogolo pake. Akuiyang'ana, akulira, mamina mpaka pachibwano. Alamu ako atagwada apo akuti tola, tola ndi ili.

Ndinati, apongozi, lamba munasowa?

Iwo akuti, abambo, ndikungofuna lamanjali lidzuke.

Ndinati mphunzitsi wanga ankanena zomwezo, ndipo iye anali ndi satifiketi.

Akuti mwana wa miyezi isanu ndi itatu sasankha dzanja.

Ndinati wanuyo sasankha, wathu amasankha.

Akuti, wanu? Matewera akewo mumachapa ndinu?

Pamenepo ndinadula kansalu kaja ndi mpeni, sokosi ndinaiponya padenga. Iwe mwini wake unalemba kuti asamukakamize, ndinamva ndi makutu anga. Ndiye ndikunena pamaso pawo ndipo akulemba ndi dzanja lawo. Ndikadzaionanso sokosi padzanja la mwana uyu, m'nyumba muno mudzatsala mmodzi wa ife.

Ndine bambo ako.

Ndalemba zonse monga anenera. Sindiwonjezera kanthu.

17 Meyi

Abambo ndi alamu,

Moni nonse. Alamu, kalata iyi muwerenge yonse mokweza, osadumpha.

Pepala la manja lija ndinalimata pachitseko cha kabati yanga kuntchito. Dzana kunatsika mayi wina wa mafizo, amene amalimbitsa manja ndi miyendo ya okalamba akafa ziwalo. Ankafuna juzi ya gogo wina yomwe inasochera. Anaima papepala paja nthawi yaitali. Anafunsa kuti mwanayu ali ndi miyezi ingati. Nditamuuza anafunsa ngati chibakeracho chimakhala choncho nthawi zonse, ndiponso kuti anabadwa bwanji.

Abambo, izi sindinakuuzeni. Pobereka ndinamva kupweteka masiku awiri. Mwana anatuluka wotuwa, osalira, anamwino anathamanga naye kuchipinda china. Atabwera naye anati zonse zili bwino, ine ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira.

Mayi uja akuti khanda limagwiritsa manja onse awiri, lero ili mawa ilo, mpaka lipitirire chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ena mpaka zitatu, ndi pamene dzanja limodzi limapambana. Akuti mwana akaoneka ngati wasankha asanathe chaka, kawirikawiri sanasankhe. Ndi dzanja linalo limene silikumva bwino zochokera kumutu. Akuti iye sangaweruze ndi pepala, koma akanakhala wake sakanadikira sabata. Mutu wa khanda umaphunzira msanga pamiyezi imeneyi kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo mwezi ukapita wapita.

Pitani naye kuchipatala chachikulu, kumbali ya ana, sabata ino. Munene za chala chachikulu, munene za kubadwa kwake.

Alamu, munaona ndinu, ine ndinakutsekani pakamwa. Pepani.

Mundiyankhe tsiku lomwe mwabwerako.

21 Juni

Abambo ndi alamu,

Moni. Kodi kalata yanga ya mu Meyi inafika? Mwezi watha. Tsiku lililonse ndimayamba ndatsegula bokosi la makalata ndisanavule nsapato, ndimapezamo mapepala otsatsa malonda okhaokha.

Mwina mwandikwiyira chifukwa ndinabisa za kubadwa kwake. Kwiyani, koma mupite naye. Mayi wa mafizo uja amandifunsa tikakumana pamasitepe, ndayamba kumuzemba chifukwa ndilibe chomuyankha.

Ndibwereza mwina ija inasochera. Mwana apite kuchipatala chachikulu chifukwa cha dzanja lamanja. Si makani, si chamanzere. Ndiuzeninso ngati akukwawa, ndipo ngati akukwawa muone mwendo wakumanja ukutani.

Mwana wanu.

25 Julayi

Abambo,

Ndinapempha abwana kuti ndibwere. Akuti ndikachoka chaka chisanathe ndisadzabwererenso, ndipo mapepala anga ali mu ofesi mwawo.

Ngati mwana wamwalira ndiuzeni. Ndine mayi wake, ndipirira. Chimene sindingathe ndi chete ameneyu.

14 Ogasiti

Alamu,

Moni. Mwana ali moyo, akudya, mano atuluka anayi. Ndayamba ndi zimenezo kuti muwerenge zinazo mutakhala pansi.

Ine m'nyumba muja ndinachokamo pa 3 Meyi. Ndinamuvekanso sokosi, sindikana. Ndinkatero abambo akapita kumsika, mphindi zochepa, chifukwa tsiku lina ndinaona chala cholozera chikugwedezeka chokha. Anandipeza. Sanakalipe. Anangotulutsa chikwama changa n'kuchiika pakhonde bwinobwino, ngati cha mlendo. Achimwene anu anali kutali ndi lole, ndipo atabwera anati nkhani ya bambo awo salowerera. Ndinatenga ana anga kupita kwa mkulu wanga. Wanuyo anandikaniza.

Lachitatu lapitali ndinapita kukatenga makina anga osokera. Pakhomo panali potseka, ndinawalondola kumsika. Ndinapeza mwana atamukhazika m'beseni lalikulu la malata lomwe anamukhomera okha, m'mphepete atapinda bwino kuti lisamucheke, pansi atayala bulangete. Amamubereka okha m'mawa uliwonse, amuna anzawo akuwaseka. Mayi wogulitsa makala pafupi ndi amene amamusintha matewera. Kunena zoona mwana ndi wonenepa, ndi woyera, sanamusowetse kanthu. Koma atamutulutsa m'beseni ndinaona mmene amayendera. Sakwawa. Amadzikoka chokhala ndi dzanja lamanzere, lamanja litapindika pachifuwa ngati phiko la nkhuku, mwendo wakumanja ukutsalira.

Kunyumba, ndikumasula makina, ndinaona maenvelopu atatu m'chitini cha misomali pamwamba pa kabati. Osatsegula. Ndinafunsa kuti bwanji simunapite nawo kwa wina akuwerengereni. Akuti za m'nyumba mwanga zikamveke kwa wosoka nsapato? Akuti ndinkadziwa kuti muli moni ndi nkhani za kuzizira, zimenezo sizivunda.

Ndinawerenga onse atatu motsatana, nditaimirira. Pa yoyamba anandidula kawiri, akuti mayi ameneyo mwana wathu anamuonapo? Pa yachiwiri anakhala pansi. Pa yachitatu anandilanda pepala n'kumaliyang'ana, atalizondotsa, nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti basi yoyamba yopita kuchipatala imanyamuka nthawi yanji.

Tinapita Lachinayi. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala anamugoneka, anamupinda miyendo, anamukanda kuphazi, anamupatsa kabelu kumanja, mwana anakatengera kumanzere. Akuti mbali ina ya ubongo inavulala pobadwa, ndipo mbali imeneyo ndi yomwe imalamula dzanja ndi mwendo wakumanja. Akuti sizikula, komanso sizichoka. Kuyenda adzayenda, mwina motsimphina. Za dzanja sanalonjeze. Anafunsa kuti munaona liti. Ndinati mu Malichi. Anawerenga miyezi pa zala zake, analemba.

Anatitumiza kuchipinda cha mafizo. Mtsikana wa kumeneko anatsegula kabati n'kutulutsa kathumba kansalu kofewa, kokhala ndi lamba womata. Akuti muzimuveka kudzanja labwinolo, kanthawi m'mawa, kanthawi masana, uku mukumuseweretsa, kuti lofookalo likakamizike kugwira ntchito. Akuti kakada muchape, podikira kuti kaume mutha kugwiritsa sokosi.

Alamu, sindinawayang'ane abambo. Ndinayang'ana pansi mpaka tinatuluka. Tinakwera basi yobwerera. Titatsika abambo anati, apongozi, makina aja asiyeni pomwe ali. Ndabwerera m'nyumba Loweruka.

Mlamu wanu.

3 Sepitembala

Alamu,

Moni kwa inu ndi ana. Zikomo pondiuza zonse osabisa.

Muzichita zimene anena a mafizo, tsiku lililonse, ngakhale alire. Tsiku lobwerera kuchipatala musaphonye. Mundilembere sabata iliyonse ngakhale mizere itatu: chala chiti chagwedezeka, wagwira chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji. Ine ndifika chaka chikatha, ndipo sindidzabwereranso kuno.

Mlamu wanu.

29 Sepitembala

Mwana wanga,

Moni, ngakhale iwe sunandipatse. Alamu ako powerenga ndinayang'anitsitsa chala chawo, ndimati mwina chadumpha pamene pali dzina langa. Sichinadumphe. Ndinawauza abwereze, anabwereza. Palibe kanthu. Ukanandipatsa moni ndikanadabwa kuti ndinabereka munthu wotani.

Sindikupempha kuti undikhululukire, poti chikhululuko sichitambasula zala. Ndingokuuza mmene zikuyendera, ndi zimene unapempha.

Kathumba kaja alamu ako anayesa masiku atatu. Mwana akangowaona nako amauma thupi lonse ngati thabwa, kulira mpaka kusanza, osayang'ana n'komwe choseweretsa. A mafizo anati amuveke munthu amene mwanayo amamukhulupirira kwambiri. M'chipindamo tinalimo anthu atatu, onse anatembenukira kwa ine. Ndinati ine manja anga ndi okhakhala, ndimucheka. Mtsikana uja akuti, agogo, beseni lija munapinda ndinu, simungalephere lamba womata.

Ndiye ndimamuveka ndine. M'mawa ndisanapite kumsika, masana ndikabwera kudzadya. Tsiku loyamba anandipatsa yekha dzanja, akuseka, ankayesa ndi masewera athu aja omenya mbale. Nditamata lamba anayang'ana kathumba, anayang'ana ine. Mwana wanga, ndakhala ndi moyo zaka zambiri, ndaikapo mkazi m'manda, koma maso amenewo sindinawaonepo. Kapena ndinawaonapo ndili m'kati mwake, kusukulu kuja, sindikudziwa.

Ndamukhomera zoseweretsa. Tizitini topepuka tokhala ndi timiyala m'kati, mphete zazikulu zoti chala chilowe, kabelu kopanda m'mphepete mwakuthwa. Ndowa ndasiya kaye, makasitomala akudandaula, adandaule. Ndimakhala pansi, bondo likulira, n'kumuikira chimodzichimodzi kumanja. Masiku ambiri amangokankha ndi chibakera. Wotchi ya pakhoma ija ndinkati imathamanga, pano ndaona kuti ndi yaulesi kuposa wosoka nsapato.

Lachiwiri sabata yatha chala chachikulu chinatuluka chokha. Chinatuluka pang'ono, ngati kamba akusuzumira, n'kubwerera. Lachisanu anagwira mphete. Ndinawerenga, imodzi, ziwiri, zitatu, inagwa. Alamu ako akuti zinali zinayi, ine ndikuti zitatu, lembani zitatu apongozi, mwanayu tamunamiza kokwanira. Titapita kuchipatala ndinamufunsa mtsikana uja kuti tikanabwera mu Meyi bwenzi tikuwerenga zingati. Akuti agogo, zimenezo palibe angadziwe. Ndinati ine ndakhoma ndowa zaka makumi asanu, munthu akamandiyankha choncho ndimadziwa kuti pansi pabooka.

Kumsika ndinasiya kupita naye, amatsala ndi alamu ako. Poyamba ndikamabwera masana ankamva kukhosomola kwanga ndili pa mpopi, n'kuyamba kudzikoka kulunjika kuchitseko. Pano sabwera. Akandimva amapita kumiyendo ya alamu ako. Usiku sagonanso pamsana panga. Supuni ndikamupatsa ine salandira, ngakhale ndi lamanzere.

Dzulo ndinalowa ndilibe kanthu m'manja, kathumba kanali pachingwe kakuuma. Ndimangofuna ndimunyamule. Anandiyang'ana ali pakona, pafupi ndi makina osokera, kenako anatenga dzanja lake lamanzere n'kulibisa kumbuyo. Chaka chimodzi ndi mwezi umodzi, kulankhula sadziwa, koma zimenezo wadziwa.

Alamu ako akuti tipume tsiku limodzi, mwana aiwale. Ndakana. Kathumba kauma, mawa m'mawa ndimuvekanso.

Ndine bambo ako.